Kagalu ngati mphatso ya Khirisimasi ya ana: tiyambire pati?

MayiWaAwiri:

Moni nonse. Ana athu awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5, akhala akulirira kagalu chaka chonse, ndiye ine ndi bambo awo tagwirizana kuti mphatso ya Khirisimasi ikhale imeneyo. Tili ku Blantyre, nyumba ndi ya lendi koma ili ndi mpanda wakewake. Sitinawetepo galu. Maganizo athu ndi oti tikagule pa 24, tikasungitse kwa aneba, ana adzakaone m'mawa wa pa 25. Odziwa za agalu tithandizeni: kakhale ka msinkhu wanji, tikakapeze kuti, kazidya chiyani, nanga za katemera zimayenda bwanji?

WaZaZiweto:

Mayi, kagaluko gulani, koma tsikulo lokha sinthani. Kagalu kongochotsedwa kumene kwa make kamafuna masiku atatu kapena anayi a bata kuti kazolowere malo, kayambe kudya bwino. Pa 25 bata limenelo kulibe: alendo, nyimbo, geti lotsegula tsiku lonse, ana a aneba kukanyamula molandizana, aliyense kukaponyera fupa la nkhuku, kukada makombola. Zokakagoneka kwa aneba ndiye ayi ndithu, makamaka ngati pamalopo panakhalapo agalu. Pa tsikulo anawo akulungireni kolala, chingwe ndi mbale ziwiri, galu mwini wake abwere Chaka Chatsopano chikadutsa.

Msinkhu wake usachepere masabata 8. Kakafika pamenepo mano ake oyamba amakhala atamera onse, kamathamanga osadzandira, ndipo kamadya kokha m'mbale. Tiagalu timene anyamata amatinyamula m'mbali mwa misewu nthawi zambiri timakhala tisanafike pamenepo, tapsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo dzina loti German Shepherd limene akuuzeniwo palibe wolitsimikizira. Pitani kumene kabadwira, mukaone make ndi maso anu. Mukafika, kwezani mlomo wa kagaluko muone nkhama: zikhale zofiirira, zikayera ndiye kuti magazi akutha ndi njoka za m'mimba kapena utitiri. Maso ndi mphuno zikhale zopanda manthongo ndi mamina, kumatako kouma. Kamene kakhala duu pakona anzake akusewera kasiyeni, ngakhale kakumvetseni chisoni. Yesaninso ku BSPCA konkuno ku Blantyre, kapena ku LSPCA kwa amene ali ku Lilongwe. Awa ndi mabungwe osamalira nyama, ndipo amakhala ndi agalu ofuna mabanja.

Katemera ali pawiri, ndipo anthu ambiri amasokoneza. Woyamba ndi wophatikiza, woteteza ku parvo, distemper ndi matenda ena. Amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi alionse mpaka kagalu kafike masabata 16. Kubwerezaku si njira ya madokotala yodyera ndalama. Chitetezo chimene kagalu kanayamwa mu mkaka woyamba wa make chimatchinga katemera kuti asagwire, ndipo chimatha pa nthawi yosiyana kwa kagalu kalikonse, choncho jakisoni mmodzi yekha akhoza kungopita pachabe. Wachiwiri ndi wa chiwewe, pa masabata 12, kenako chaka ndi chaka. A bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere mu Blantyre kuyambira 2015, koma amenewo amabaya wa chiwewe yekha, ndipo pakhomo pali ana musadikire kampeni. Wogulitsa akanena kuti kabayidwa kale, aonetse khadi lokhala ndi tsiku, sitika ya pa botolo la mankhwala ndi siginecha ya amene anabaya. Palibe khadi, yambirani poyamba.

Parvo ndiye amene amamaliza tiagalu tambiri. Kamasiya kudya, kusanza, kenako kutsegula m'mimba kwa magazi konunkha koopsa, ndipo madzi akatha m'thupi kakhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Mukangoona zimenezi thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo kakaikidwe diripi. Panado ndi brufen musayerekeze, amaononga chiwindi ndi impso za galu. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka, ndiye afunseni eni nyumba ngati amene ankakhala m'nyumbamo kale anafetsapo kagalu. Pa simenti mukhoza kutsuka ndi Jik, kapu imodzi pa makapu 30 a madzi, n'kusiya mphindi 10 musanatsukuluze, koma dothi silitsukika. Katemera asanathe, kasatuluke kunja kwa mpanda.

Mankhwala a njoka za m'mimba: masabata awiri alionse mpaka kafike masabata 12, mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Mlingo umatsatira kulemera kwake, ndiye kayezeni pa sikelo.

MlimiWaAgalu:

Zonse zili pamwambazi ndi zoona, koma pa za tsiku ndisiyana nawo pang'ono adokotalawa. Mukadikira Januwale, kagalu kafika sukulu zikutsegulidwa, pakhomo popanda munthu, pamene msinkhu umenewo kamafuna kudya kanayi pa tsiku ndi kutulutsidwa panja maola awiri alionse. Ngati mwapeza kamene kakwanitsa kale masabata 8, ndi bwino kabwere sukulu zikangotsekera, kuti pofika pa 25 kakhale katazolowera. Patsikulo mukatsekere m'chipinda chamkati ndi madzi ndi chofunda chake, wailesi ikulira chapansipansi kuti ibise makombola. Musakamange pa unyolo usiku umenewo. Galu wodzidzimuka amadzipotokola khosi.

Za mtundu, ine ndinganene wachikuda kapena wosakanizika. Amapirira matenda a nkhupakupa kuposa agalu obwera, amadya pang'ono, ndipo akaleredwa bwino amalondera ngati wina aliyense. Galu wobwera wa mtundu wa Boerboel akakula amatha kupitirira makilogalamu 60. Mwana wa zaka 5 amugwetsa pongosewera.

Chakudya: kanayi pa tsiku mpaka miyezi itatu, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Ngati thumba likulola, gulani chakudya cha m'sitolo cholembedwa kuti ndi cha tiagalu, mutsatire mlingo wa pa paketi. Ngati mukuphika nokha, phala la mgaiwa lopsa bwino magawo awiri, gawo limodzi la ndiwo: usipa kapena bonya wophika n'kusinja ndi minga yake yomwe, dzira lowiritsa, nthawi zina kachiwindi, kuphatikizapo maungu kapena masamba pang'ono. Nsombayo muyambe mwaiviika kuti mchere uchoke. Minga ya tinsombato ndi imene imamanga mafupa. Kagalu kodyetsedwa gaga yekhayekha kamakula miyendo yopindika, ubweya wothothoka, mimba yokha patsogolo. Ndipo gagayo muzimununkhiza musanagule. Nyengo ya mvula amachita chuku msanga, ndipo poizoni wa m'chuku, aflatoxin, satha ndi kuphika. Mu 2024 agalu mazanamazana anafa naye kuno ku Malawi ndi ku Zambia. Masiku oyamba kapatseni chomwe kamadya kumene kachokera, musinthe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri.

Zotsala za phwando ndiye samalani nazo. Fupa la nkhuku lophika limasweka mosongoka, limabaya kummero kapena m'matumbo. Anyezi ndi adyo amaononga magazi a galu, choncho msuzi wa pa Khirisimasi si wake. Chokoleti ndi keke ya mphesa zouma, ayi. Alendo auzeni pofika pomwe.

Disembala ndi mwezi wa mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena mchenga wa pamthunzi pamene pali mkodzo, ndiponso pa nsanza zonyowa, ndipo timphutsito timaboola khungu. Mudzaona zotupa ngati zithupsa, chilichonse chili ndi kabowo pakati, makamaka kumimba, m'miyendo ndi kumchira. Pakani Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani kuchokera m'mbali ituluke yathunthu, mutsuke ndi madzi a mchere. Zikachuluka, kwa dokotala. Kupewa kwake ndi kogona kwa simenti kapena thabwa lokwera, kofolera bwino, chofunda chochapidwa n'kusitidwa. Pa nkhupakupa ndi utitiri musagwiritse dibi wa ng'ombe, amapha tiagalu. Funsani mankhwala olembedwa msinkhu wake.

Usiku woyamba ndi wachiwiri kadzalira, musadabwe. Pemphani kansanza kamene make amagonera, muike m'katoni pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu. Kakangodzuka kapena kakangodya, kanyamuleni kupita pamalo amodzimodzi panja, kakachita chimbudzi mukayamikire. Kukakhudzitsa mphuno pa mkodzo kumangokaphunzitsa kubisala kuseri kwa mpando.

AnambewePhunzitsi:

Ine ndilankhulepo za anawo. Mayi, galu ameneyu ndi wanu ndi bambo, ndipo akhala nanu zaka 10 kapena kuposa. Wa zaka 9 akhoza kuthira madzi, kupereka chakudya chimene mwamuyezera ndi kupesa ubweya. Wa zaka 5 ntchito yake ndi kusewera inu muli pomwepo, basi. Malamulo akhale ochepa koma osasinthasintha: galu akamadya kapena akagona sakhudzidwa, sakokedwa mchira ndi makutu, sanyamulidwa ndi miyendo yakutsogolo, ndipo mwana akafuna kumufukata akhale pansi kaye. Tiagalu timathyoka miyendo pogwa m'manja mwa ana.

Kadzaluma, chifukwa mano amayabwa mpaka cha m'miyezi 6. Mwana akakuwa n'kuthawa, kagalu kamayesa masewera ndipo kamamuthamangitsa. Aphunzitseni kuima chilili, manja pachifuwa, n'kukapatsa chingwe chomanga mfundo kuti katafune. Dzino kapena chikhadabo chikaboola khungu, tsukani ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, khadi la galu lili m'manja. Chimbudzi chake chiwoledwe tsiku ndi tsiku, chifukwa mazira a njoka za agalu amalowanso mwa ana osewera pa dothi. Kusamba m'manja asanadye kusakhale kokambirana.

Zomwe ena amalangiza zomutsekera galu mumdima kapena kumudyetsa tsabola kuti akhale wolusa zitayeni. Galu wotero amayamba kuluma a pakhomo pomwepo. Eni nyumba muwapemphe chilolezo musanagule, poizoni wa makoswe mumuchotse pansi, ndipo ndalama ya jakisoni wachiwiri ndi wachitatu muipatule panopa, chifukwa idzafunika mu Januwale pamodzi ndi fizi.

MayiWaAwiri:

Zikomo kwambiri nonse, zokasungitsa kwa aneba tazisiya. Funso lomaliza: titenge kakakazi kapena kakamuna?

WaZaZiweto:

Kwa ana onse ndi abwino; yang'anani khalidwe, kamene kakubwera kokha kudzakununkhizani. Kusiyana kuli pa chisamaliro. Wamkazi amayamba nyengo pakati pa miyezi 6 ndi 12, kawiri pa chaka, kwa masabata pafupifupi atatu, ndipo agalu a m'dera lonse adzakhala pa geti panu. Akatenga bere, pakatha masiku 63 muli ndi tiagalu tina tofuna makomo. Wamwamuna wosafulidwa amalumpha mpanda kutsata akazi, n'kubwera ndi mabala. Onse awiri akhoza kutsekedwa kubereka cha pa miyezi 6, ndipo opaleshoni ya wamkazi imakwera mtengo kuposa ya wamwamuna. Tsiku lake mukapangane ndi dokotala pobayitsa jakisoni wa masabata 16.