Ulendo wa ku Cape Town ndi kachikwama ka m'manja kokha, zitheka?

NaPhiri_wa25

Moni nonse. Mu July muno ndikupita ku Cape Town kumaphunziro a kuntchito, sabata imodzi. Ndikwerera pa eyapoti ya KIA ku Lilongwe mpaka pa ya OR Tambo ku Joni kenako ndisinthe ndege, ndiye vuto ndi lakuti tikiti ya Joni kupita ku Cape Town andigulira ija yotchipa yopanda katundu wapansi, akuti chololedwa ndi chikwama cha m'manja cha 7kg basi, ndikafuna sutikesi ndilipire ndekha. Ndalama yakeyo bola ndikagulire ana nsapato. Koma 7kg imeneyi munthu wamayi sabata yathunthu, nyengo yozizira, zimatheka? Komanso nditangonena kuti ndikupita ku Joni azakhali anga ayamba kale kukonza ufa ndi usipa zoti ndikapatse mwana wawo, ndikusowa poyambira. Amene munayendapo chonchi tandiuzeni mumalongedza bwanji.

Che_Mdala

Achemwali zimatheka bwinobwino, bola muyambe ndi kuyeza chikwama chenichenicho chilibe kanthu. Anthu ambiri apa ndi pomwe amagwa nayo. Masutikesi ang'onoang'ono a mateyala aja ena amalemera 3kg ali opanda kanthu, ndiye mwatsala ndi 4kg ya zovala, mukaikamo laputopu ndi chaja yake nkhani yathera pomwepo. Pezani chikwama choberekera cha nsalu, chimenecho sichifika ngakhale kilo imodzi, ndiponso chimafinyika mukamachilowetsa m'kabati ya pamwamba pa mipando ija. Onaninso saizi yomwe yalembedwa pa tikiti yanu, ambiri amafuna kutalika kwake kusapitirire 55 kapena 56cm kuwerengera ndi mateyala omwe.

Zolemera zonse muvale pathupi tsiku la ulendo. Jekete, juzi, jinzi, nsapato zotseka. Pa Lilongwe masana muoneka ngati wodwala malungo kkkk koma munthu samuika pa sikelo, amayeza chikwama. Ndipo m'matumba a jekete mumalowa zambiri, chaja, pawabanki, kabuku, palibe amakufunsani.

Pawabankiyo musaiwale, lamulo ndi lakuti iziyenda ndi inu m'ndege, osati katundu wapansi, chifukwa mabatire a lithium akatentha amayaka moto. Yosapitirira 100Wh imadutsa popanda kupempha chilolezo, ija ya 20,000mAh imakhala cha m'ma 74Wh ndiye ili bho. Ndikunena izi chifukwa nthawi zina ndege ikadzadza kapena ikakhala yaing'ono amakulandani chikwama pakhomo n'kukachiika pansi, ndiye zikatero tulutsani kaye pawabanki, laputopu, mankhwala ndi pasipoti musanachipereke.

MayiAkeTamanda

NaPhiri mvereni ine mayi mnzanu, abambowa anena za sikelo koma pomwe amayife timalira ndi pa zodzola. Ulendo wotuluka m'dziko chilichonse cha madzimadzi chikhale m'kabotolo kosapitirira 100ml, ndipo timabotolo tonse tikwane m'kathumba kamodzi ka pulasitiki koonekera mkati ka lita imodzi. Lamuloli linabwera mu 2006 atagwira anthu ku UK omwe ankafuna kuphulitsa ndege ndi zinthu zobisa m'mabotolo a zakumwa. Ndiye amayang'ana kukula kwa botolo osati zomwe zatsalamo. Ine ndinaona ndi maso angawa mayi wina akukangana ndi wachitetezo pa makina paja, botolo la loshoni la 400ml latsala pang'ono pansi, iwo akuti taonani bambo muli tochepa, wachitetezoyo osayankha n'komwe anangoloza bini. Mayi aja anatsegula botolo n'kuyamba kudzola pompo manja, miyendo, khosi, mzere wonse ukuwadikira, kenako n'kuliponya.

Ndiye gulani timabotolo tating'ono muthiremo loshoni ndi mafuta a tsitsi. Vaselini nayenso amamuwerengera konko, kolugeti chimodzimodzi, tengani kachubu kakang'ono. Sopo tengani wa mtanda osati wamadzi, ameneyo sawerengera ndipo ndi yemweyo muzichapira zamkati usiku. Pefyumu wamkulu msiyeni kunyumba. Tsitsi mukaluke musananyamuke kuti musavutike ndi kunyamula draya ndi zipeso zambirimbiri.

Zovala ine ndimatenga zamitundu yogwirizana, zakuda ndi zotuwa pansi, kuti bulauzi iliyonse ilowe pa siketi iliyonse. Kwa sabata imodzi thalauza imodzi yovala ina ya m'chikwama, siketi imodzi, mabulauzi anayi opepuka, diresi imodzi yoti mwina atakuitanani ku dina, nsapato imodzi yokha ya m'chikwama ndipo mkati mwake mufinyiremo masokosi. Osapinda, muzikulunga ngati mphasa, zimatenga malo ochepa komanso sizikwinyika kwambiri. Anthu a kumaphunziroko sakudziwani, palibe amene adzawerenge kuti thalauza yakudayi munavalanso Lolemba.

Chitenje chokha osachisiya ngakhale sikelo ikane bwanji. M'ndege mumazizira mufunda, ku hotela mukachoka kosamba muvala, pa eyapoti podikira mutsamira.

Kabaza_Joni

Ine ndimakhala ku Joni konkuno ndiye ndiyankhe za nyengo ndi za azakhaliwo. July kuno si June wa ku Dedza ayi, m'mawa ku Joni zimatsika mpaka kufupi ndi 0, koma Cape Town ndi nkhani ina, kumeneko dzinja lawo la mvula ndi miyezi yomweyi, June mpaka August, mvula ya mphepo yoti ambulera imatembenuzika. Jekete yanu ikhale yosalowa madzi. Komanso zochapa sizimauma msanga, jinzi mukachapa Lachiwiri mwina Lachisanu ikadali yonyowa ndiye muzichapa zopepuka zokha.

China chomwe anthu ochokera kumudzi amaiwala ndi pulagi. Kwathu timagwiritsa ya mano atatu a folokona ngati ya ku UK, kuno ambiri ndi ya mano atatu obulungira akuluakulu, ndiye chaja ya laputopu yanu siilowa. Adaputa imapezeka m'mashopu ambiri konkuno, pa eyapoti amadulitsa.

Tsopano azakhali. Auzeni zoona kuti tikiti siikulola, si mwano umenewo. Ufa wa 5kg ndiye chikwama chonse chatha, pomwe ufa kuno uli mbwee m'shopu iliyonse, ngakhale ndikudziwa anena kuti si wofanana ndi woyera wa kwathu, zoonadi si wofanana koma mwanayo sanafe ndi njala. Nali ndi chiponde pa makina amaziwerengera ngati zamadzimadzi, botolo likapitirira 100ml likatsala pa KIA pomwepo. Usipa m'chikwama chimodzi ndi mabulauzi a kumaphunziro, aaa achemwali, mukalowa m'kalasi anthu akayamba kusuntha mipando. Zimenezo azitumize pa basi, anthu amatumiza tsiku ndi tsiku. Ndiponso mwana wawoyo mukakumana naye nthawi yanji poti inu mukungosintha ndege?

Ndipo ichi ndinene mosaseka, kaphukusi komata kale ka munthu wina musanyamule, kaya ndi wa kutchalitchi kaya ndi m'bale. Ngati mwavomera kutenga kanthu atsegule pamaso panu muone. Agalu a pa eyapoti akanunkhiza kanthu womangidwa ndi amene wanyamula, dzina lolembedwa pa phukusilo alibe nalo ntchito.

Che_Mdala

A Kabaza mwanena zoona, ndiwonjezere kuti pa OR Tambo ukachokera kunja n'kumakwera ya m'dziko momwemo umayenera kudinditsa pasipoti, kudikira sutikesi yako pa lamba, kudutsa nayo pa kasitomu kenako n'kukaiperekanso. Amene ali ndi cha m'manja chokha amangodutsa. Ngati nthawi yosinthira ndege ili yochepa mudzathokoza kuti munasiya sutikesi. Lumo la pamanja, kampeni ka pa makiyi, sizasi yaikulu, zonsezo zichotseni kunyumba.

Chomwe sindikugwirizana nacho ndi cha Mayi ake Tamanda cha nsapato yachiwiri, ine ndikanati imodzi yovala yomweyo basi.

MayiAkeTamanda

Che Mdala inu nsapato imodzi sabata yonse ku malo kogwa mvula, ikanyowa Lolemba mayiyu alowe m'kalasi ndi patapata? Za amayi tisiyireni kkkk.

NaPhiri_wa25

Zikomo nonse mwandimasula. Ndabwereka sikelo ya pa okala ya aneba, sutikesi yanga yaing'ono ija ikulemera 3.2kg ilibe kanthu, ndiye yatsala, nditenga choberekera cha mwana wanga wa ku sekondale. Azakhali ndawaimbira, akwiya pang'ono, akuti basi nditengeko ka Nali kamodzi kokha. Funso lina, nanga pobwerera nsapato za ana zija ndidzaziika pati poti 7kg idzakhala yomweyo?

Kabaza_Joni

Kagulireni ku Joni ngati muli ndi maola angapo podikira, tikiti ya Joni kupita ku Lilongwe nthawi zambiri imakhala ndi katundu wapansi, tayang'anani pa yanuyo. Mukagula chikwama cha Shangani chija mukathiramo zonse. Mukagulira ku Cape Town ndiye lipiranitu sutikesi pa intaneti tsiku lisanafike, pa kauntala mtengo umakwera.