Wi-Fi ya alendo ikukana kupereka IP: port ya Cisco 2960 ndiikonze bwanji?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pa ofesi pali switch ya Cisco Catalyst 2960-24PC-L. Rauta ya MikroTik ili pa port Gi0/1, access point (chida choulutsa Wi-Fi) ya UniFi ili pa port Fa0/5. Netiweki tinaigawa m'magawo otchedwa VLAN: ogwira ntchito ali pa VLAN 10, alendo pa VLAN 20. Wi-Fi ya ogwira ntchito ikuyenda bwinobwino, koma foni ikalowa pa ya alendo siilandira IP (adiresi yake ya pa netiweki), ndipo laputopu imangodzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254. Pa Fa0/5 pali `switchport mode access` ndi `switchport access vlan 10`. Chalakwika n'chiyani?

Woyankha woyamba:
Vuto lili pa port pomwepo, achimwene. Port ya access imanyamula VLAN imodzi basi. Access point ikamatumiza za alendo imazimata tag (kachizindikiro) ya 802.1Q yosonyeza VLAN 20, ndiye port ya access ya VLAN 10 ikaona tag yachilendo imangotaya, pempho la DHCP (lopempha IP) osafika ku rauta. Za ogwira ntchito zikudutsa chifukwa zimabwera zopanda tag. Isandutseni trunk, port yonyamula ma VLAN angapo:

```
conf t
vlan 20
 name ALENDO
interface Fa0/5
 switchport mode trunk
 switchport trunk native vlan 10
 switchport trunk allowed vlan 10,20
 spanning-tree portfast trunk
```

Mzere wa native (VLAN yolandira zobwera zopanda tag) musaudumphe. Access point imalankhula ndi controller yake (pulogalamu yoiyendetsa) popanda tag, ndiye mukasiya native pa VLAN 1 idzasowa pa controller. Wa portfast ndi wochotsa masekondi 30 amene spanning tree (njira yoletsa mauthenga kuzungulira pa netiweki) yakale imadikira port isanayambe kutumiza. Mukaona ena akulemba `switchport trunk encapsulation dot1q`, zisakuvuteni: zimenezo n'za ma switch a 3560 ndi 3750. Ya 2960 imangodziwa dot1q, lamulolo imalikana.

Woyankha wachiwiri:
Zoona, koma Fa0/5 yokha siikwana. Nayo Gi0/1 iyenera kukhala trunk yolola VLAN 20, ndipo pa MikroTik pakhale interface ya VLAN 20 yokhala ndi IP yake, pool (ma IP ogawira alendo) ndi DHCP server. Lembani `show interfaces trunk` muone ngati 20 ikuoneka pa ma port onse awiri, makamaka gawo lomaliza la forwarding.

Chenjerani apa: ngati Gi0/1 ili kale ndi mndandanda wa ma VLAN, lembani `switchport trunk allowed vlan add 20`. Mukaiwala liwu loti add, mndandanda wonse umafufutika n'kutsala 20 yokha. Ofesi yonse imaduka, ndi inu nomwe ngati mwalowa mu switch kudzera pa netiweki (SSH). Chingwe cha console (cholumikiza kompyuta ku switch mwachindunji) chikhale pafupi, pulogalamu ya PuTTY pa liwiro la 9600.

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu, foni yalandira IP ya VLAN 20. Koma anthu angapo atangolowa, access point yasiya kugwira ntchito ndipo kagetsi ka Fa0/5 sikakuwalanso mobiriwira. `show interfaces status` ikuti err-disabled, kutanthauza kuti switch yatseka port.

Woyankha wachitatu:
Lembani `show interfaces status err-disabled`. Ndikukhulupirira mupeza psecure-violation. Port security ya Cisco, mukapanda kusintha, imalola MAC address (nambala yozindikirira chipangizo) imodzi yokha, ndipo ikaona yachiwiri imatseka port. Pa kompyuta imodzi n'zabwino. Pa access point n'zosatheka, chifukwa foni iliyonse imabwera ndi MAC yake, komanso mafoni a masiku ano amasinthasintha MAC. Kukweza maximum n'kungochedwetsa vuto. Ichotseni:

```
interface Fa0/5
 no switchport port-security
 shutdown
 no shutdown
```

Popanda shutdown ndi no shutdown port siidzuka yokha, pokhapokha mutaika errdisable recovery. Chitetezo cha alendo chikhale pa firewall ya MikroTik: VLAN 20 ipite pa intaneti, isafike ku VLAN 10.

Woyankha wachiwiri:
Komanso dziwani kuti ma port a Fa pa switch imeneyo amathera pa 100 Mbps, ndipo PoE yake (magetsi odzera m'chingwe cha netiweki) ndi 802.3af, mawati 15.4 pa port. Access point yofuna PoE+ (ya mawati ochulukirapo) siidzakhuta pamenepo.

Woyankha woyamba:
Zikayenda lembani `copy running-config startup-config`. Zonse mwalemba pa ma port zili mu RAM. Magetsi akathima musanasunge, Fa0/5 ibwerera ku access VLAN 10 ndi port security yake yomwe.

Wofunsa:
Inalidi psecure-violation. Ndachotsa, port yadzuka, ndasunga. Tsopano ndili pa firewall ya MikroTik.