Kasitomala akufuna kukwera boti ndi galu wake pa 15 Okutobala, ndimuyankhe bwanji?

Nabanda: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Pali banja lina la ku Area 43 lomwe ndakhala ndikulitengera kunyanja kwa zaka zitatu tsopano, anthu osavuta, olipira pa nthawi yake. Alembetsa ulendo wa pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala: kunyamuka mu Lilongwe mbandakucha, kukakwera boti ku Senga Bay, kukaona nkhwazi ndi nsomba za mbuna ku zilumba za Maleri, nkhomaliro pachilumba, madzulo kubwerera. Ali anthu 6, awiri mwa iwo ndi ana. Dzulo mayi a m'banjamo andiimbira kuti galu wawo apita nawo, chifukwa wantchito wawo ali kumudzi ndipo galuyo akatsala yekha sadya. Ndi galu wamphongo wa mtundu wa Boerboel, akuti amalemera makilo 55. Chiyambireni ntchitoyi sindinakwezepo galu pa boti. Kukana ndikuopa kutaya makasitomala abwino, kuvomera ndikuopa zomwe sindikuzidziwa. Amene munakumanapo nazo ndithandizeni.

Chikondi: Achemwali, apa palibe chovuta. Muwawonjezere mtengo ngati munthu wachisanu ndi chiwiri, galuyo mumumangirire ku benchi ndi tcheni chake, basi. Masiku ano anthu a m'tauni agalu awo amawatenga ngati ana. Mukakana inu, wina avomera mawa lomwe.

Che Saidi: Achemwali Nabanda, musanakambe za mtengo, yankhani kaye funso limodzi. Galuyo akagwera m'madzi, adzamukweza ndani, ndipo adzamugwira pati?

Ndikufunsa chifukwa zinandichitikira. Chaka china ndinatenga azungu awiri ndi galu wawo, wocheperapo kuposa mukunenayu, mwina makilo 30. Ulendo wonse anali phee pansi pa benchi. Titafika pomwe timaitanira nkhwazi, mnyamata wanga anaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi monga timachitira. Nkhwazi isanatsike, galu anali atadumpha kale kulondola nsombayo. Kusambira ankatha ndithu, koma kukwera m'boti ayi. M'mbali mwa boti ndi mosalala, miyendo yakumbuyo alibe popondera. Ankangokanda ndi zikhadabo uku akumwa madzi. Mwini wake anaweramira kunja, mkazi wake nayenso, mnyamata wanga nayenso, anthu atatu mbali imodzi, boti n'kupendekera mpaka madzi kuyamba kulowa. Ndinachita kukalipa kuti mmodzi abwerere mbali inayo. Tinamukweza pomukoka pa chikopa cha m'khosi ndi kumchira, ndipo mnyamata wanga anatuluka ndi mabala a zikhadabo mkono wonse. Tsikulo nyanja inali bata. Kukanakhala mafunde a mpoto, sindidziwa kuti tikanakamba zotani lero.

Tsono wanuyo ndi makilo 55, wolemera kuposa thumba la simenti, wonyowa, wamantha, wogwedezeka. Ndipo m'botimo muli ana awiri.

Chikondi: N'chifukwa chake ndati amangiriridwe, Che Saidi. Womangidwa adumpha bwanji?

Che Saidi: Ayi achimwene, pamenepo ndiye pali imfa. Tcheni chikakhala chachitali pang'ono, galu amadumpha n'kulendewera kunja ndi khosi, thupi lili m'madzi, injini ikuyenda. Chikakhala chachifupi, boti likatembenuka amamira nalo limodzi. Galu pa boti samangidwa pakhosi. Amavala lamba wa pachifuwa, chingwe chimakhala m'manja mwa mwini wake, osati pa benchi. Ndipo pamwamba pake jekete yoyandama ya agalu, ija yokhala ndi chogwirira pamsana. Ubwino wa jeketeyo si kuyandama kokha, ndi chogwiriracho. Popanda chimenecho mulibe pomugwira.

aMwale: Ndilowererepo pa za ulendo womwewo. Mayi Nabanda, mwati Maleri? Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zonse zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anthu ambiri akamva dzinali amaganiza Cape Maclear yokha, kuiwala kuti zilumba za ku Salima zija ndi paki yomweyo. Lamulo la mapaki sililola kulowetsa ziweto popanda chilolezo. Galu akatsika pachilumba n'kuyamba kuthamangitsa ng'azi kapena kufukula zisa za mbalame, amene adzafunsidwe ndi inu ndi woyendetsa boti, osati banja la ku Area 43. Ngati mukufunitsitsa, funsani a nthambi ya mapaki ndi nyama zakutchire pasadakhale, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Koma ine sindingayembekezere kuti avomera.

China, moyang'anana ndi zilumbazo ndi pomwe mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja, womwe umatenga madzi a mtsinje wathu wa Lilongwe. Pamathiriro a mitsinje ndi m'mabango ndimo mumakhala ng'ona ndi mvuu. Galu wosambira amaphiriphitha ndi kuuwa, ng'ona sichedwa kumumva. Asodzi akumeneko adzakuuzani kuti galu ndi mbuzi ndi zomwe ng'ona imayamba kutenga pa gombe.

Nabanda: Koma abale, za paki sindinaziganizire n'komwe, chikhalirecho ndimalipira ndalama yolowera nthawi zonse. Ndiye kuti ngakhale galuyo atakwera, sangatsike pachilumba. Akhala m'boti maola onse amene ife tikudya ndi kusambira?

Nachisale: Pamenepo ndi pomwe ndimafuna kulankhulapo, ine monga wa ziweto. Okutobala ku Salima mukukudziwa nonse, dzuwa limawotcha ngakhale 9 koloko isanakwane. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma mwawefuwefu. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 mpaka 39. Likapyola 41, ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka, ndipo sizitenga maola. Agalu akuluakulu olemera, a mphuno yaifupi ngati Boerboel, ndi omwe kutentha kumawagwetsa msanga. Onjezanipo kuti galuyo adzakhala atayenda kale makilomita pafupifupi 120 m'galimoto pa msewu wa M14, maola awiri, mwina osamwa madzi chifukwa cha mantha.

Zizindikiro zoti muziziona: kuwefuka kosalekeza ngakhale ali pamthunzi, dovu lokhuthala, nkhama zofiira kwambiri, kudzandira poyenda, kusanza. Mukaona zimenezi mumuthire madzi ozizira pamimba ndi m'khwapa, mumupepeze, mumupatse madzi pang'onopang'ono, ndipo boti libwerere kumtunda nthawi yomweyo. Pansi pa boti, ikani kuseri kwa dzanja lanu. Ngati inu simungapirire, mapazi a galu akupsa. Chiguduli chonyowa kapena mphasa ya rabala zimathandiza, komanso zimamuteteza kuti asaterereke, chifukwa galu woterereka ndi amene amachita mantha n'kuyamba kusuntha uku ndi uku.

Za mseru, asadye chakudya chambiri maola atatu kapena anayi asanakwere. Ndipo chonde, wina asamupatse mankhwala a anthu. Ndaonapo agalu atadwala kwambiri chifukwa mwini wake anawapatsa ibuprofen poganiza kuti akuwathandiza. Mankhwala a mseru a agalu alipo, koma alembedwe ndi dokotala wa ziweto atamuyeza kulemera.

Koma chachikulu kwa ine ndi khadi la katemera wa chiwewe. Musamve za pakamwa, muone khadi ndi maso anu, deti ndi chidindo. Ngati sanabayidwepo, kumubaya mawa sikuthandiza pa 15, katemera woyamba amafuna masabata atatu kapena anayi kuti ateteze. Pa gombe la Senga Bay pamakhala agalu oyendayenda ambiri olondola usipa wa pa thandala, ndipo tsiku la anakubala pamadzaza ana. Wina akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mwamsanga kuchipatala cha boma ku Salima. Khadi lija ndi lomwe lidzakupulumutseni ku mafunso.

aGondwe: Ine maganizo anga ndi osiyana ndi a Chikondi kotheratu. Kanani basi. Mu Lilongwe muno malo osungirako agalu eni ake akachoka alipo, a bungwe losamalira nyama la LSPCA angathe kukulozerani. Galu sanapemphe kupita kunyanja. Amene akufuna chithunzi cha pa Facebook ndi eni ake.

Nabanda: Bambo Gondwe, ndikukumvani, koma banjali ndikulidziwa. Si za zithunzi. Galuyo anamugula bambo a m'nyumbamo atangotaya mchimwene wawo, ndipo anawo akula naye. Sindikufuna kuwayankha ngati anthu opanda nzeru. Ndikufuna ndiwapatse chifukwa chomveka, ndipo ngati pali njira, ndiwapatsenso njirayo.

Che Saidi: Pali china chomwe anzathu a m'tauni mumaiwala mukamalembetsa maulendo. Boti si lanu, ndipo amene amagwira ntchito m'menemo si inu. Anyamata ambiri a pa doko kuno ndi Asilamu, ine ndemwe mmodzi wa iwo. Dovu la galu likatikhudza pa thupi kapena pa zovala timayenera kusamba ndi kuchapa mwa dongosolo tisanapemphere. Sikuti timadana ndi galu, ayi, ndipo galu akamamira sitingamusiye. Koma munthu auzidwe pasadakhale, asankhe yekha. Zimapweteka kuona galimoto yafika, chitseko chatsegulidwa, chigalu chatsika, ndipo mnyamata sangakane chifukwa bwana walandira kale ndalama ku Lilongwe. Ena amangoopa agalu basi, analumidwapo ali ana. Woyendetsa boti wamantha sayang'ana nyanja, amayang'ana galu.

Ndiye muimbireni mwini boti lero, mumuuze mtundu wa galu ndi kulemera kwake. Pa chiwerengero cha anthu omwe boti limaloledwa kunyamula, galu ameneyu awerengedwe ngati munthu wamkulu. Apo Chikondi ananena zoona, ngakhale iye amaganiza za ndalama.

Chikondi: Ndavomera, Che Saidi, za tcheni ndinalakwitsa. Koma ndifunse, kodi palibe galu amene angakwere boti? Chifukwa mafunso awa azibwera ndithu.

Che Saidi: Alipo. Wamng'ono, woti munthu mmodzi angamunyamule ndi dzanja limodzi, wozolowera anthu, wovala jekete. Ameneyo ndamutengapo kangapo popanda vuto. Koma ngakhale iyeyo ndimayamba ndamuyesa: akwere boti lili pa gombe injini itazimitsidwa, anunkhize, akhale pansi. Kenako ndilize injini boti lisanasunthe. Agalu ena phokoso la injini lokha limawapengetsa. Akadekha, tizungulire pafupi mphindi khumi. Mbedza, nyambo ndi zigubu za petulo zonse zichoke pomwe angafike. Ndipo tsiku limene muli galu, nsomba za nkhwazi sitiponya.

Nabanda: Ndaimbira mwini boti. Akuti anyamata ake awiri, mmodzi wavomera, wina wati ayi, ndipo sakufuna kumukakamiza. Ndazunguliranso m'mashopu a zinthu za ziweto atatu muno m'tauni, jekete ya galu wa msinkhu umenewo sindinaipeze. Mayi aja anditumizira chithunzi cha khadi, katemera wa chiwewe anabayidwa mu Juni chaka chino, ndiye mbali imeneyo ili bwino.

Ndawafotokozera zonse monga mwandiuzira, kuyambira ndi funso la Che Saidi. Nditawafunsa kuti galu akagwa adzamukweza ndani ana ali m'boti, mayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anati sanaganizepo zimenezo. Za paki sanatsutse n'komwe. Tagwirizana kuti galuyo apite nawo kunyanja koma ku Maleri asapite. Apeza kanyumba kogona alendo komwe amalola agalu, kali ndi mpanda ndi mtengo wa mthunzi. Mphwawo wa bambowo, yemwe boti amaliopa kale, atsala naye. Tinyamuka mu Lilongwe 5 koloko kuti galu asapse m'galimoto, ndipo tiima kamodzi panjira kuti amwe madzi.

Chatsala n'chakuti bambowo akupempha kuti madzulo, dzuwa likapepa, azungulire naye pang'ono pafupi ndi gombe, iwo okha ndi galu, opanda ana. Ndiwalole?

Nachisale: Kumbali ya kutentha, ikakwana 5 koloko madzulo palibe vuto, bola akhale atamwa madzi ndipo sanawefuke masana. Zinazo ayankhe a pamadzi.

Che Saidi: Popanda jekete, osapyola pomwe munthu wamkulu angaime madzi ali m'chifuwa, kuti galu akadumpha tisalimbane ndi kumukweza, tingomutsogolera kumtunda ndi chingwe. Lamba wa pachifuwa akhale nawo, wa m'khosi ayi. Kutali ndi mabango, ndipo tibwerere kusanade, mvuu zisanayambe kuyenda. Kukakhala mphepo, palibe ulendo, ndipo zimenezo muwauziretu lero kuti asadzakhumudwe pa gombe. Boti langa laling'ono ndi lotsika m'mbali, ndidzawatenga ndekha ndi mwana wa mchemwali wanga, iye agalu saopa. Muwauze abweretse chiguduli chomwe galuyo amagonera kunyumba, tidzachiyala pansi pa benchi yapakati.

Nabanda: Zikomo Che Saidi, ndikuimbirani usiku uno tikambe za mtengo ndi nthawi. Mayi Nachisale, lamba wa pachifuwa woti angakwane Boerboel, timayeza pati kuti ndiwauze saizi yoyenera?

Nachisale: Muyeze kuzungulira chifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, pomwe pali potakata kwambiri. Akavala, zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi thupi, osapitirira apo. Agule sabata ino ndipo azimuveka tsiku lililonse poyenda naye madzulo, kuti pa 15 asadzakhale koyamba.