Akuti ndi ma thrips ndipo ali m'mabanja, nanga anga ndi a banja liti?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu a gulu lino ndithandizeni, mutu waima. Ndili kuno ku Mangochi, mbali ya ku Malombe. Kwandigwera tizilombo toonda ngati tizidutswa ta ulusi, toti ukapanda kuyang'anitsitsa ungati ndi fumbi. Masamba atuwa ngati wina wawaza phulusa, ndipo ali ndi timadontho takuda. Ndinapita kwa wogulitsa mankhwala wina pa boma, sanandifunse n'komwe kanthu, anangotsomphola botolo pa shelefu, lebulo yake yofufutika. Ndalamayo inali ya yunifolomu ya ana, moti mpaka lero mayi a kunyumba akumangotula nsima n'kutuluka osanena kanthu. Sipuleya yanga anabwereka alamu anga mu June, amati masiku awiri okha. Ndikawaimbira akuti ali pa nyanja, netiweki ikuvuta. Ndinachita kuwaza mankhwalawo ndi tsache, manja anandiyabwa usiku wonse, tizilombo tili phee. Pamwamba pa zonsezi mbuzi za aneba zikungolowa ngati kwawo, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ndinatumiza chithunzi kwa mwana wa achemwali anga amene ali ku sukulu ya zaulimi. Akuti, "Malume, awa ndi ma thrips, koma musapopere chisawawa. Ali m'mabanja osiyanasiyana, ena amadya mbewu, ena amadya anzawo owonongawo." Ndisanafunse zambiri bandulo inamuthera. Tsono anga ndi a banja liti? Ndipopere kapena ndiwasiye?

Mayi wa Dimba ku Namwera:
Pepani bambo. Koma mbewu yake ndi chiyani? Mwatiuza za alamu, za mbuzi, za nsima, mbewu simunaitchule.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Kkkkk tizilombo tili ndi mabanja? Ankhoswe awo ndani? Achimwene, apa banja lofunika kulifufuza ndi lanu lomwelo, nsima yotula osayankhula si zamasewera.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wa achemwali anuyo wanena zoona, ndipo inu akabaza musaseke zimene simukuzidziwa. Ndaphunzitsa Biology zaka zambiri, lolani ndifotokoze. Tizilomboti tili m'gulu lalikulu lotchedwa Thysanoptera, dzina limene katswiri wa tizilombo Haliday anapereka mu 1836. Ndi Chigiriki, kutanthauza mapiko a mphonje, chifukwa phiko lake ndi kamzere kopyapyala kokhala ndi tiubweya m'mbali ngati mphonje za mpango. Mitundu yodziwika ndi yoposa 6,000. Gululi linagawika pawiri, ndipo chogawira chake chili kumchira. A Terebrantia, wamkazi ali ndi kachiwalo konga sowo, amacheka tsamba n'kuikira dzira mkati. A Tubulifera kumchira kwawo kuli kapaipi, alibe sowo, mazira amangoika pamtunda. Mu Tubulifera muli banja limodzi lokha, Phlaeothripidae, koma ndilo lalikulu kuposa onse, mitundu pafupifupi 3,500, ndipo ambiri mwa iwo amadya chuku ndi tibowa ta pa nthambi zouma ndi zinyalala, alibe nanu mlandu. Owononga m'munda pafupifupi onse ali m'banja la Thripidae. Abwenzi amene wanena mnyamatayo ambiri ali mu Aeolothripidae, okulirapo pang'ono, othamanga, mapiko a mizere yakuda ndi yoyera yopingasa. Inu mwati masamba atuwa. Ameneyo ndi anyezi, ndipo kachilomboko ndi Thrips tabaci, wa Thripidae. Ndatha.

Mayi wa Dimba ku Namwera:
Aphunzitsi, anyeziyo mwamuona kuti? Eni ake sananene.

Msodzi wa ku Makawa:
Si nkhungu zimenezo? Mphepo ikaomba kuchokera ku nyanja zimadzaza pa masamba. Kumpoto amazikola n'kuumba zitumbuwa. Ngati ndi zimenezo mwapeza ndiwo bwana, lekani kudandaula.

Aphunzitsi Opuma:
Nkhungu ndi za m'gulu la ntchentche ndi udzudzu, zimaswana m'madzi, sizikhudza tsamba. Palibe ubale uliwonse wapafupi. Abale enieni a thrips ndi nsabwe za m'mbewu, ntchentche zoyera za pa chinangwa ndi nsikidzi, gulu la Hemiptera. Kutaliko pang'ono kuli nsabwe za m'mutu. Onani pakamwa pake. Thrips ali ndi nsagwada imodzi yokha yogwira ntchito, ya kumanzere, ya kumanja inafota. Amaboola nayo khungu la tsamba, n'kuyamwa madzi a m'timaselo. Timaselo totsala topanda kanthu timalowa mpweya, n'chifukwa chake tsamba limaoneka lotuwa monyezimira. Timadontho takudato ndi chimbudzi chawo.

Mlongo Wopemphera:
Nsabwe za m'mutu kukhala abale a tizilombo ta m'munda? Aphunzitsi, chilichonse chinalengedwa mwa mtundu wake. Izi zoti china chinasanduka kuchokera ku china n'zimene zikuwononga ana m'masukulu. Inu ofunsa, yambani mwakhululukira alamu anu, mwina mliriwu walowera pa mkwiyo.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi, sindikulimbana ndi chikhulupiriro chanu, inenso ndimapemphera. Koma ku Spain anapeza ma thrips atatsekeredwa mu utomoni wa mitengo umene unauma ngati mwala, wa zaka zoposa 100 miliyoni, mungu uli mbuu pathupi pawo. Amenewo ankanyamula mungu kalekale, nyanja yathuyi kulibe. Si ine ndinawaikamo.

Mlongo Wopemphera:
Zaka 100 miliyoni anawerenga ndani? Munalipo?

Mnyamata wa Khobwe ku Chilipa:
Ine musandikumbutse. Chaka chatha khobwe wanga anachita maluwa okongola, anthu odutsa ankachita kuima. Patangotha sabata maluwa onse ali pansi, waa. Ndinkaganiza kuti ndi mphepo kapena wina wandichita chipongwe, mpaka ndinakangana ndi mwini munda woyandikana nawo. Mlangizi atabwera anangothyola duwa limodzi n'kuling'amba, mkati muli tizilombo takuda tikuthamangathamanga. Ndinakolola ndowa imodzi pamalo poti ndipeze matumba. Ngongole ya ku banki m'khonde ndikubwezabe. Mkazi wanga anapita kwawo miyezi iwiri.

Aphunzitsi Opuma:
Ameneyo ndi Megalurothrips sjostedti, mdani wa maluwa a khobwe mu Africa muno. Thripidae yemweyo. Mukuona? Mabanja onse 8 a ma thrips, koma wokulizani ndi mmodzi.

Wophunzira Chaka Chachitatu:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mabanja amoyo masiku ano amawerengedwa 9, osati 8. Buku lanu mwina linaika Melanthripidae mkati mwa Aeolothripidae monga zinalili kale. Pano analipatula, ndi banja palokha, ndipo iwo amadya za m'maluwa, sasaka anzawo. Ndiye mu Terebrantia muli 8, kuphatikiza Phlaeothripidae kukwana 9.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana iwe, ndinayamba kugwira choko usanabadwe. Werenga: Thripidae, Aeolothripidae, Merothripidae, Heterothripidae, Fauriellidae, Adiheterothripidae, Uzelothripidae, Phlaeothripidae. Chabwino, onjezera Melanthripidae wakoyo. Koma dziwa kuti akatswiri okhaokha sagwirizana. Bhatti wa ku India anawagawa m'mabanja ambirimbiri, Laurence Mound ndi anzake sanatsatire zimenezo. Ndiye usabwere pano ngati nambala yako inatsika kumwamba. Uzelothripidae ukumudziwa? Banja lathunthu, mtundu wamoyo umodzi wokha, Uzelothrips scabrosus. Ngati mudzi woti anthu onse anatha, kwatsala nkhalamba imodzi ikusunga dzina la mfumu.

Wophunzira Chaka Chachitatu:
Adiheterothripidae pano amalitchula Stenurothripidae. Komanso kale ena ankaganiza kuti a kapaipi aja anaphuka kuchokera mkati mwa Thripidae. Kafukufuku wa DNA wa mu 2013 anasonyeza kuti Terebrantia ndi Tubulifera ndi nthambi ziwiri zosiyana, iliyonse ndi kholo lake. Chimene chinaoneka chosokonekera ndi kagulu ka m'banja la Thripidae kotchedwa Thripinae, kamene anangounjikamo mitundu yosachokera pa tsinde limodzi.

Aphunzitsi Opuma:
Zimenezo ndimazidziwa, ndimafuna ndione ngati ukuwerenga.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Kkkkk aphunzitsi agwa pa njinga koma akuti amatsika dala.

Gogo wa Zitsamba:
Chizungu chonsechi munthu mbewu zikufa. Sinjani masamba a nimu, muviike usiku wonse, musefe, muikemo kasopo pang'ono kuti agwire pa tsamba. Kapena ombwe. Makolo athu analibe mabotolo.

Msodzi wa ku Makawa:
Ombwe ayi agogo! Munthuyu akuti ali ku Malombe. Ombwe amapha nsomba, anthu ankathira m'mitsinje pofuna kuzigwira. Kale chambo chinatha m'Malombe, tatsala ndi kambuzi, mukufuna nayenso apite? Ndipo inu alimi a m'mbali mwa Shire mumatsukira masipuleya m'madzi momwe timamwa, ndakuonani ndi maso anga. Tsiku lina ndinapeza botolo la mankhwala likuyandama pafupi ndi pamene amayi amachapira.

Gogo wa Zitsamba:
Chambo munamaliza ndinu ndi maukonde a udzudzu, musanamizire ombwe wanga.

Bambo wa Ana Asanu:
Ine nkhani ya sipuleya yandikwiyitsa. Munthu wamkulu kubwereketsa chida cha ntchito miyezi inayi, iwe n'kumawaza poizoni ndi tsache, manja osavala kanthu? Pitani mukatenge. Chibale n'chibale, sipuleya n'sipuleya. Anga alamu anatenga wilibala, inabwera ilibe tayala, ndinawalipiritsa pamaso pa apongozi.

Mayi wa Dimba ku Namwera:
Poti eni funso asowa, ndingonena zimene ndimachita ine. M'mawa dzuwa lisanakwere tengani pepala loyera la m'kope, muliike pansi pa tsamba, mugogode tsambalo ndi chala. Tizilombo tigwera papepala, muzitiona bwino tikuyenda. Jambulani ndi foni mutakulitsa. Yang'anani mtundu wake, komanso ngati pali ana opanda mapiko ambiri pamalo amodzi. Odya anzawo sakhala mulu, umapeza mmodzimmodzi. Pamene pali khamu ndi masamba otuwa, amenewo ndi odya mbewu basi, dzina la banja lidzabwera pambuyo. Nyengo ino ya October ndiyo yawo, kutentha ndi kuuma, mvula ikagwa yamphamvu amachepa okha. Ngati ndi dimba musalole mbewu ifote ndi ludzu. Botolo lopanda lebulo lija musaligwiritsenso ntchito, mutengere mlangizi tsamba lenilenilo m'kajumbo.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi anena bwino koma asiya chachikulu. Mankhwala amalephera chifukwa cha kabadwidwe ka banja limeneli. Dzira lili mkati mwa tsamba, mankhwala salifika. Ana amabisala pakhosi pa anyezi pamene masamba apanikizana. Akakhuta amagwa m'dothi n'kugona osadya mpaka atamera mapiko. Ndiye inu mukapopera kamodzi mwapha a pamtunda okha, sabata yamawa atulukanso ena. Komanso Thrips tabaci m'madera ambiri safuna mwamuna, akazi okhaokha amangobereka akazi anzawo. Mukamabwereza mankhwala amodzimodzi, opulumuka aja amaswa ana osamva mankhwalawo. Pa tomato n'zoopsa koposa, ma thrips otchedwa Frankliniella amafalitsa matenda a vairasi a tomato spotted wilt, ndipo amawatenga akadali ana.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Akazi osafuna mwamuna? Aphunzitsi fufutani msanga mayi a kunyumba kwa ofunsawa asanawerenge.

Membala wosatchula dzina:
Pepani akuluakulu, foni inali kotchaja. Zikomo nonse. A Bambo wa Ana Asanu, alamuwo si oti mungawalankhule choncho, ndi amene anandipatsa malo omwe ndikukhalawa, ndiye mumvetse. A Mlongo, ndilibe nawo mkwiyo, ndikungofuna sipuleya. Za pepala ndachita. Akuluakulu ake ndi akuda. Ana ndi achikasu, ali ndi lamba wofiira pamimba, ndipo aliyense wanyamula kadontho kumchira atakweza m'mwamba. Ali kunsi kwa masamba, ambirimbiri. Anyezi ine sindilima. Ndi mango anga atatu a pakhomo aja.

Mayi wa Dimba ku Namwera:
Mango! Tsiku lonse tikuthirira dimba loti kulibe.

Wophunzira Chaka Chachitatu:
Lamba wofiirayo ndi Selenothrips rubrocinctus, amakonda mango, gwafa, mapeyala ndi cashew. Ndi Thripidae ndithu koma kagulu ka Panchaetothripinae, osati ka Thrips tabaci. Amenewa sapita m'dothi, moyo wawo wonse uli pa tsamba pomwepo, ndiye chilichonse mungathire chifike kunsi kwa masamba. Mango ali ndi zipatso pano ndipo ana amatola, funsani mlangizi musanathire kanthu.

Aphunzitsi Opuma:
Ndinati chiyani ine? Thripidae. Pitani pamwamba mukawerenge. Funso linali la banja, banja ndinalondola. Za anyezi zinali chitsanzo chabe.

Gogo wa Zitsamba:
Nimu yemweyo.

Membala wosatchula dzina:
Ndamva. Koma mitengoyo ndi yaitali kuposa denga, tsache silifika. Alipo wa mbali ya ku Malombe kuno angandibwereke sipuleya? Masiku awiri okha.