Sinowo mu Epulo ku North Dakota, nzoona zimenezi kapena bambowa akufuna kuzemba rendi?

NaBanda_Rosettenville

Moni nonse muno. Bambo a kunyumba kwanga ananyamuka mwezi watha kupita ku America, dera lake North Dakota, anatengedwa ndi mzungu amene ankamugwirira ntchito ku Free State, iyeyo amapita chaka ndi chaka nthawi yodzala ikayandikira. Ali pa famu ina kufupi ndi tauni yotchedwa Minot. Ponyamuka ankati kumeneko kuzizira kwatha ndi spring tsopano, moti chijekete chawo chija anachisiya pompano ati chikungodzadza chikwama. Sabata yathayi amatumiza zithunzi ali ndi tisheti panja akukonza thirakitala. Ndiye dzulo usiku kubwera voice note, ati abwana alamula kuti ng'ombe zonse zisendezedwe pafupi ndi nyumba chifukwa kukubwera sinowo wamkulu kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu. Ndatenga foni ya mwana ndalemba Minot pa app ya zanyengo, ikuonetsa lero 55, mawa 48, Lachitatu 28, Lachinayi 19, ndiye pamwamba pali mawu akuti Winter Storm Watch. Tsono abale 55 si kutentha koposa kwa ku Nsanje kumeneko? sinowoyo agwa bwanji? Ine mutu waima. Amene munafikako ndiuzeni ngati zili zoopsa, komanso akakhala masiku amenewa osagwira ntchito amalipidwa? poti rendi ya mwezi uno maso ali kwa iwowo.

Gondwe_Kempton

Mayi NaBanda khazikani mtima pansi kaye, bambowo sakukunamizani. Ine ndinagwirako sizoni ziwiri kumeneko, 2021 ndi 2022, cha kumadzulo kwa Bismarck.

Choyamba manambalawo. Ku America amayeza kutentha mu Fahrenheit osati Celsius ngati kuno ku Joni kapena kwathu, ndiye app yo yangotsatira za komweko. Kwa iwo madzi amaundana pa 32. Ndiye 55 wanuyo ndi 13 wa kuno, 48 ndi 9, 28 yo mwatsika kale pansi pa ziro ndi ziwiri, 19 ndi minus 7. Lowani mu settings musinthe F akhale C muona nokha.

Za sinowo mu Epulo si zachilendo ayi, ndipo amene amaopedwa kwambiri ndi wa Malichi ndi Epulo yemweyu kuposa wa Januwale. Dziko lake mbali yaikulu ndi chigwa mayi, lathyathyathya ngati mwatenga ku Chikwawa nkukutambasula mpaka kosaoneka malire, mitengo yake ndi yochita kudzala m'mizere kuti izitchinga mphepo. Palibe phiri lotchinga pakati pa Canada ndi nyanja ya Gulf of Mexico. Ndiye nyengo ino mpweya wofunda wachinyezi umakhala wayamba kukwera kuchokera kummwera, pomwe wozizira wa ku Canada sunachoke, akakumana awiriwa ndi ndewu. Alimi akumeneko amatchula mitundu iwiri. Wina amati Alberta clipper, amachokera ku Canada, ndi wothamanga, amangowaza sinowo pang'ono wouma ngati ufa nkudutsa kusiya kuzizira. Wina amati Colorado low, amabadwira kummawa kwa mapiri a Rocky, amayenda mwaulesi atanyamula madzi ambiri, sinowo wake ndi wonyowa wolemera ukamafosholo msana umachita kulira. Ngati abwanawo akusonkhanitsa ng'ombe masiku awiri zisanachitike ndiye ndikukayikira kuti ndi wachiwiriyu.

Ine anandipeza pa 12 mpaka 14 Epulo 2022. Ku Minot komwe kuli bambowo kunagwa pafupifupi mita yathunthu, ku Bismarck masentimita oposa 40, msewu waukulu wa I-94 anautseka. Koma vuto silikhala kuchuluka kokha, ndi mphepo, imanyamula sinowo yense wa m'munda nkukamuunjika pa khomo pako, ife chitseko chakumaso chinakanika kutseguka tinatulukira cha kuseri. Khola linali pafupi, ngati kuchoka pa Park Station kufika pa renki ya Wanderers kuno ku Joni, koma silimaoneka, umangoona zoyera basi pansi ndi kumwamba chimodzimodzi. Ndipo nthawi imeneyi ndi imene ng'ombe zimaswa, apa ndi pamene pagona nkhawa ya abwanawo. Kamwana ka ng'ombe kamabadwa konyowa, mphepo ija ikakawomba ola limodzi kapita, kakapulumuka nsonga za makutu zimauma nkuthothoka. Tinkadzuka maola awiri aliwonse usiku ndi tochi kukayendera. Kena tinakanyamula pa silei kukakagoneka m'bafa la abwana m'madzi ofunda, mayi a pakhomopo akukapukuta ndi thaulo lawo lomwe, ine nkumati kwathu ku Rumphi ndikakafotokoza adzati ndasuta.

Dalaiva_wa_N3

Aise Gondwe wanena zoona za mphepozo. Ine ku America sindinapondeko koma sinowo wa spring ndinamulawa konkuno. Seputembala 2024, pa 20 usiku, ndikuchokera ku Durban ndi katundu, kufika pa Van Reenen kufupi ndi Harrismith zinthu zinangoima. Tonse tinali titasunga kale majekete poti winter inali itatha, ine ndinali ndi kajuzi kopyapyala ndi theka la buledi. Tinagona pamsewu pomwepo magalimoto mdipiti kutsogolo ndi kumbuyo, mmawa kudzuka matayala akwiririka. Anthu a mu taxi ndi amene anazunzika kwambiri ndipo mayi wina anamwalira ndi kuzizira. Chonsecho a zanyengo anali atachenjeza, ife tinkati aaa sinowo mu Seputembala za ziii.

Ndiye mayi muwauze bambowo chinthu chimodzi, galimoto ikatitimira asatsike kuti ndiyende wapansi nyumba ili pafupi. Akhale momwemo. Injini aziyiliza pang'ono nkuzimitsa, koma ayambe aona kuti ekizozi sinatsekeke ndi sinowo, ikatsekeka utsi umabwerera mkati, ndi chimodzimodzi anthu aja amagona ndi mbaula m'mkuku mwezi wa Juni osadzukanso.

Cheupe88

Kkkkk koma amalawi. Munthu kupita dziko loyandikana ndi Canada nkusiya jekete ku Rosettenville ati likudzadza chikwama, ndiye m'chikwamamo munalowa chani? ufa ndi usipa eti?? Paja pa 10 Julaye 2023 kutagwa tisinowo tija kuno tonse tinathamangira panja kukajambula, ine ndinatumiza kwa amayi ku Mangochi iwo nkundifunsa kuti ndani wataya thonje pabwalo. Pofika masana tinali titasungunuka kale. Asisi pepani sindikuseka mavuto anu koma alamuwo andikomola

NaBanda_Rosettenville

Cheupe iwe usipawo unalowadi kkkk ndi nsinjiro zomwe. A Gondwe zikomo kwambiri ndasintha ku C, manambala akuoneka bwino tsopano ngakhale kuti akuopsa kuposa poyamba. Nanga Watch yo ndiye kuti zatsimikizika? ndipo za malipiro zija simunandiyankhe achimwene.

Gondwe_Kempton

Pepani mayi ndinali pa shifiti. Watch ndiye kuti zikhoza kuchitika konzekani, amaitulutsa kudakali tsiku limodzi kapena awiri atatu. Ikasintha kukhala Warning ndiye kuti zafika kapena zili pakhomo. Mukaona Blizzard Warning dziwani kuti akunena za mphepo yofika makilomita 56 pa ola kapena kuposa, munthu osaona patali kuposa mamita 400, kwa maola atatu kupita mtsogolo. Amene amalengeza zimenezi ndi a National Weather Service, za ku Minot zimachokera ku ofesi yawo ya ku Bismarck, ndipo ine ndimakhulupirira iwowo kuposa tima app ta mu foni timene timakupatsa nambala imodzi ngati kuti tapangana ndi Mulungu.

Ndipo za sabata yonseyo musazitenge ngati zalembedwa pa mwala. Za mawa ndi mkuja amalondola ndithu, koma za Lachisanu zimasintha tsiku ndi tsiku, chifukwa namondweyo akangopatuka pang'ono njira yake, tauni imodzi imalandira theka la mita pomwe ina ya pamtunda ngati wa Lilongwe ndi Dedza ikungolandira mvula. Ndiye muzionanso mmawa uliwonse. Kukoma kwake kwa wa Epulo nkoti dzuwa limakhala lili ndi mphamvu kale, tsiku limatalika, sakhalitsa ngati wa Disembala amene amagona pansi mpaka Malichi. Akamasungunuka ndiye matope ake, thirakitala siilowa m'munda, kudzala tirigu kumachedwa. Mu 2022 muja patangopita sabata ndi theka kunabweranso wina wosakanikirana ndi mvula youndana, anagwetsa mapolo a magetsi cha kumpoto chakumadzulo kwa North Dakota anthu anakhala masiku mu mdima. Ndiye foni yawo ikazima musayambe kulira maliro, mwina ndi magetsi chabe. Muwauze atchajiretu power bank.

Za ndalama zimatengera pepala limene anasaina. Ngati anapita pa viza ya ntchito za kumunda ija amati H-2A, amalipira pa ola, tsiku limene sunagwire palibe chako. Koma lamulo lake limati abwana akuyenera kukupatsa maola osachepera magawo atatu mwa anayi a maola onse a mu kontirakiti, akalephera amalipira otsalawo. Vuto ndi loti amawerengera kontirakiti yonse osati sabata imodzi, ndiye sizingakuthandizeni pa rendi ya mwezi uno. Nyumba yogona ndi ya ulere, imeneyo ndi udindo wa abwana. Koma ngati famuyo ili ndi ng'ombe ndipo zikuswa, ine ndikuona kuti maola achuluka osati kuchepa, amene amakhala manja lende ndi a famu ya mbewu zokhazokha. Ine sabata ya blizzard ija ndi imene ndinalemba maola ambiri mwezi umenewo, kungoti abwana anga anadzandidula ena ati nthawi yodikira m'khola usiku si ntchito, mpaka lero zimandiwawa. Ndiye azilemba maola awo mu kabuku tsiku ndi tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza.

Mai_a_Tadala

Ine nkhawa yanga ndi madziwo akasungunuka. Mchemwali wanga ndi nesi ku Fargo, ku North Dakota komweko, amati kumeneko Epulo anthu maso amakhala pa mtsinje wa Red River, umayenda cha kumpoto kulowa ku Canada ndiye kumtunda kwake kumasungunuka msanga pomwe kutsogolo madzi adakali oundana, madzi amasowa kolowera nkumwazikira m'minda. 1997 kunagwa blizzard koyambirira kwa Epulo, patapita masabata awiri tauni ya Grand Forks inamira anthu pafupifupi onse anasamutsidwa. Ku Minot ko mtsinje wake ndi wina, Souris, nawonso unasefukira mu Juni 2011 anthu oposa 10,000 kuthawa m'nyumba. Ife a ku Chilobwe chichitikireni Freddy tikangomva za madzi mtima umathamanga. Afunseni ngati famuyo ili kumtunda kapena kudambo.

NaBanda_Rosettenville

Ndayankhula nawo pompano, kuno ndi 9 koloko usiku kwawoko 2 koloko masana, paja tasiyana maola 7. Ati famu ili pamtunda mtsinje uli kutali. Abwana awabwereka chi ovolosi chokhuthala chija ndi nsapato zake, ndi zazikulu moti avala masokosi atatu. Ng'ombe zasendezedwa, zoyembekezera zili 40 zatsekeredwa m'shedi, amangirira chingwe kuchoka pa khomo la nyumba kukafika kukhola kuti azigwira poyenda. Za kabuku ndawauza ati ayamba lero. Pa app mawu aja asintha tsopano akuti Blizzard Warning kuyambira mawa usiku. Landilodi ndamupempha andidikire mpaka pa 10, wangoyankha kuti ok. Chijekete chija chili pano pa mpando, mwana wachivala akuonera TV.