Bambo ake amukhutchumula mwana chifukwa cholira, nditani?

A admin, ndibiseni dzina. Amayi anzanga ndigawireni nzeru. Ndili ndi khanda la masabata 6, dzuwa likangolowa limayamba kulira mpaka pakati pa usiku. Kuyamwa akuyamwa, thewera ndimasintha, thupi silikutentha. Tili pa lendi ku Ndirande, nyumba zogundizana zija, moti aneba amachita kugogoda khoma. Usiku wathawu bambo ake, omwe amalawira mbandakucha ku ntchito ku Limbe, anamugwira m'khwapa n'kumukhutchumula akukalipa kuti "tonthola iwe!", kamutu kakungopita kutsogolo ndi kumbuyo. Mwana anangoti zii. Si munthu wankhanza ayi, n'kutopa. Apongozi akuti palibe vuto, ndingomumwetsa gripe water, koma mtima wanga uli m'mwamba.

Anaphiri: Pepani asisi. Wanga ankateronso, atakwana miyezi 4 zinatha zokha. Muzimugeyetsa paphewa akamaliza kuyamwa.

Namwino wopuma: Mwana wanga, zii ameneyo ndi amene akundiopsa. Musadikire tsiku la sikelo, nyamukani lero lomwe mupite naye ku chipatala cha Queens, ndipo mukanene zoona kuti anakhutchumulidwa. Mukabisa, adokotala akataya nthawi kufufuza malungo. Khanda mutu wake ndi wolemera pomwe khosi silinakhwime. Mukalikhutchumula, ubongo umamenyeka ku chigaza, timitsempha timaduka, magazi n'kumatayikira mkati ndi kuseri kwa maso, kunja osaoneka bala lililonse. Masekondi ochepa okha amakwanira kuti mwana achite khungu, azigwa khunyu, apuwale kapena amwalire. Panjira muzimuona: kugona kosafuna kudzuka, kukana bere, kusanza, kukomoka, kupuma mobanika, liwombo kutupa. Kuliraku pakokha si matenda nthawi zambiri. Kumafika pachimake mwana akakwana masabata 6 mpaka 8, makamaka madzulo, kenako kumachepa pofika miyezi 3 kapena 4. Gripe water musiyeni, mpaka miyezi 6 ndi bere lokha.

Achimwene a ku Bangwe: Azibambofe palibe amatiuza zimenezi. Ambiri timayesa kukhutchumula n'chimodzimodzi ndi kumuwerutsa. Awuzeni masana mitima ili pansi, osati usiku mwana akulira. Mkwiyo ukabwera amugoneke chagada pamalo poti sangagwe, atuluke akakhale pakhonde mphindi 10. Kulira sikupha mwana.

Nachisale: Inu musawaikire kumbuyo. Kutopa tonse timatopa. Akadzabwerezanso imbani 116, ndi nambala yaulere yoteteza ana. Komanso musamusiye mwanayo ndi iwo okha mpaka mutakambirana.

Make awiri: Ine chimandithandiza n'kumuvula n'kumuika pachifuwa khungu kwa khungu, ndamumanga ndi chitenje ngati kangaroo ija amaphunzitsa kuchipatala, magetsi ozimitsa, ndikuyenda pang'onopang'ono m'nyumba. Masiku ena zimakanika ndithu. Apongoziwo m'malo mwa gripe water bwanji adzagone kwanu muzisinthana? Anebawo asiyeni agogode, nawonso anali makanda.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndakwera minibasi, tikupita ku Queens. M'mawa uno wayamwa pang'ono n'kusanza. Bambo ake ndawaimbira, akuti apempha kwa abwana atipeza komweko. Amayi anamwino, buku lake la kuchipatala ndanyamula, pali chinanso chofunika?

Namwino wopuma: Bukulo lakwana. Mukafika musakhale pamzere, uzani namwino woyamba kukumana naye kuti khanda lasanza litakhutchumulidwa.