Chimbale cha gitala ndi mawu basi: a nyuzi atamanda, omvera akuti kwagwa maliro

Wa pulogalamu ya m'mawa: Akuluakulu mutu waima. Pali mtsikana watulutsa chimbale chake choyamba, gitala ndi mawu basi, ng'oma olo imodzi. A nyuzi amutamanda masabata awiri otsatizana, ine n'kuika nyimbo ziwiri pa rotation, zoti tiziziomba pafupipafupi pa wailesi. Mameseji akungoti "DJ kodi kwagwa maliro?" Wina akuti m'minibasi sizikumveka n'komwe. Bwana akuti pofika Lachisanu zichoke. Ndizichotse kapena ndizisunthe nthawi?

Wa ku studio: Vuto ndi mastering achimwene, kukonza komaliza kwa kamvekedwe ka nyimbo. Tumizani WAV, fayilo ya nyimboyo, ndiifinye ndi limiter kuti izimveka mokweza, muona.

Anti a zosangalatsa: Musayerekeze kugwira fayilo ya mwini osamupempha. Ndinaonapo mnzathu atadula intro ya gitala kuti news isachedwe, woimbayo anabwera yekha pa reception, maso ali psuu. Komanso processor ya pa FM, makina okonza mawu asanaulutsidwe, imafinya kale. Mukafinya kawiri mudzangomva kupuma kwake ndi zala zikukhwekhwereza pa nsambo.

Wa ku studio: Ndiye mukundivomereza anti. Ikanakhala mastered bwino processor sikanaiononga.

Madala a usiku: Ana inu, wolemba nyuzi amamvera ndi mahedifoni ali phee m'chipinda. Womvera wanu ali pa depoti, kondakitala akukuwa. Si khutu limodzi limenelo. Tracy Chapman, woimba wa ku America, mu 1988 anaima pa bwalo la Wembley ku London ndi gitala yekha, pa konsati yokumbukira zaka 70 za Mandela. Anamubwezanso pa steji chifukwa zida za Stevie Wonder zinavuta, chimbale chake choyamba n'kuyamba kuyenda ngati moto. Koma paja anthu aja anabwera kudzamvera, sanali pa ulendo wa ku ntchito.

Anti a zosangalatsa: Madala tchulaninso Nick Drake, woimba wa gitala wa ku England. Chimbale choyamba 1969, sichinagulidwe kwenikweni. Anamwalira 1974, dzina n'kudzamveka ponseponse Volkswagen itaika nyimbo yake pa malonda a galimoto mu 1999. Nanga bwana wanuyo angadikire zaka 30?

Wa ku studio: Zimenezo ndi za kale. Lero Spotify imalinganiza voliyumu ya nyimbo pa muyezo wa -14 LUFS, wailesi ayi. Mastering.

Madala a usiku: Mundipatse ine ndiziomba ikakwana 10 usiku. Koma chenjerani, mameseji asanu okwiya si omvera onse. Amene yawakhudza salemba, amangokweza voliyumu. Ndipo musamuuze mtsikanayo kuti anthu akuidandaula, mawa adzakubweretserani amapiano osadziwa kuimba kwake.

Wa pulogalamu ya m'mawa: Usiku bwana salabadira zoona, koma mwini wake anandipempha kuti ndiziziomba m'mawa, mayi ake azimva asanapite kumunda.

Wa ku library: Pepani kulowerera. Amene mwaomba nyimbozi mwalemba pa log sheet ya COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo? Mwezi watha theka la mapepala linabwera lopanda dzina la wopeka.

Wa ku studio: WAV ija ndikudikirabe.